Lolemba pa Geti la Msewu wa Mungwi

Ndinadzuka tambala wa aneba asanakutumule mapiko,
ndinawoloka zithaphwi za Kanyama nsapato zili m'manja
kuti Lolemba lindipeze pageti.
Tinalipo makumi atatu, mwina kuposa,
aliyense chitupa chake m'thumba la pamtima.

Kapitawo anatuluka, kabuku m'khwapa,
cholembera kukhutu.
Iwe, iwe, ndi iwe wa chipewa chofiirawe.
Mayina asanu ndi awiri basi.
Geti linalira, n'kutseka.

A Chikuse, amene anatula choko kalekale
ndipo lero amagulitsa zitumbuwa ndi ndudu imodziimodzi
pansi pa chikwangwani cha simenti,
anati: Usadabwe, mphwanga,
tsikuli linapatsidwa dzina pamzere ngati womwewu.
Anthu padzuwa, kalaliki pamthunzi akulemba,
ndiye Lolembatu limenelo.
Otsatirawo palibe anawavutikira,
anangowawerenga ngati matumba otsitsa m'lole:
lachiwiri, lachitatu, lachinayi, lachisanu,
mpaka belu la masana, fosholo pansi, anthu n'kuweruka.
Lotsalalo anapatsa Mulungu
poti bwana sankalifuna.

Ndinati: Nanga ine amene sanandilembe
lero ndilitcha chiyani?
Mawa n'lachiwiri la chiyani, loyamba kulibe?
Loweruka ndidzaweruka pati?

Anaseka mpaka kutsokomola,
n'kundipatsa chitumbuwa cha ngongole.
Miyezi ndiye usanene, anatero,
inatsika m'sitima itavala kale mayina a kwawo,
ena a milungu yomwe sitinaithirepo nsembe,
ena a mafumu amene anawola tisanamve za iwo.
Lilime lathu linangoisula kuti ikwane m'kamwa:
Febuluwale, Epulo, Okutobala.
Seputembala uja kwawo ndi wachisanu ndi chiwiri,
koma tamuwerenge wekha pakalendala,
awiri anamulowera kutsogolo.
Ngakhale miyezi imaberedwa malo pamzere.

Ndinabwerera wapansi kudzera ku Soweto,
ndinanyamulira mayi wina thumba la kabichi
mpaka pomwe amakwerera basi.
Makwacha khumi.
Pakhomo a Nangozo, eni nyumba, anali atakhala kale pampando.
Iwo kalendala yawo ili ndi mawu awiri okha:
mwezi watha.

Usiku magetsi anapita monga mwa nthawi zonse
ndipo mwezi weniweni, uja wopanda lendi,
unatulukira pamwamba pa malata ndi mawaya,
wopyapyala ngati chikhadabo.
Mayi anga ku Katete akadati wakhala.
Ankaudikira kuti ukule, ufe, ukhalenso,
osaufunsa dzina.
Ine, ankatero, ndinabadwa chizimalupsa itagwa,
inswa zikutuluka, mbewu ili m'manja.
Koma wa ku ofesi ya zitupa analibe mzere wa inswa.
Anayang'ana kudenga, n'kulemba 1 Januwale,
ndipo ndakhala ndikukalamba pa tsiku la eni.

Mwaiwawo anabwera ndi kope lake pafupi ndi kandulo.
Atate, aphunzitsi akuti tilembe masiku a pamlungu.
Ndinamutchulira limodzilimodzi,
iye akuluma lilime, pensulo ikukanda pepala.
Pa Loweruka anafunsa ngati ndi Chiweru chomwe chija.
Ndinati ndi chomwecho, kungosiyana malaya.

Kenako anatembenuza kope.
Pachikuto pali mzere wa dzina la kholo
umene wakhala wopanda kanthu chiyambire temu.
Analemba pang'onopang'ono, zilembo zopendekeka,
china chagada, china chadumpha mzere:
Ganizani Kwenda.

Sindinamuuze kuti ndi yekhayo
amene wandilemba lero.
Ndinazimitsa kandulo ndi zala,
n'kuimika nsapato pakhoma kuti zikhe madzi,
poti a Chikuse amati nthawi zina
lole ya feteleza imafika Lachiwiri.