Usiku Umene Ndinasuntha Zipinda

Ku Kawale magetsi abwera itakwana naini,
mita ikulira ngati mwanapiye wosowa make:
mayunitsi atsala anayi ndi theka.
Ndatsegula laputopu ya malemu achimwene,
ija batani la Z linathothoka kalekale,
ndayamba kuumba kenelo,
mtima wa makina, umene suphethira
mapulogalamu ena onse akamasinza.

Ndafunafuna pochonga
kuti kompaila ilandire mapulagini.
Palibe. Mzerewo wabisala.
Kompaila yati: mlendo salowa kwanga
wopanda makalata a kwawo.
Ndathyola bandulo ya mawa,
ndatsitsa timafayilo tomwe imafunato,
mzere uja tumphu! ngati ngumbi mvula itakata.

Pulagini yoyamba ndi mmisiri wopenga.
Imanyamula chipinda chogona n'kuchiika kukhitchini,
khomo n'kulikhoma pamene panali zenera,
kuti wakuba amene analoweza nyumbayi pamtima
akapise dzanja pofuna ndalama
n'kutulutsa makala.
Yachiwiri ndi yosesa:
ntchito ikangotha imafufuta mapazi pabwalo,
osasiya ngakhale chidendene.

Fani ikupuma wefuwefu
ngati minibasi yodzaza ikuchoka pa mlatho wa Lilongwe.
Mizere ikutsika, ikutsika, sindiiwerenganso.
A Nasimelo, eni nyumba, agogoda khoma:
"Mtisunge, ukuphika chiyani usiku uno
chodya mayunitsi koma fungo osamveka?"

Mphindi makumi asanu ndi ziwiri,
kenako zii. Mawu ofiira pansi pake.
Makalata ndinatsitsa aja ndi a kompaila ina,
mng'ono wake wa iyi,
anasiyana ndi nambala imodzi yokha.
Ndinafuna kukankha choncho,
koma fupa lokakamiza limaswa mphika.
Ndafufuta zonse. Ndayambiranso.
Udzudzu wapeza bondo langa.

Thu koloko ndazimitsa, ndayatsa,
ndagwira mpweya.
Yadzuka!
Dzina langa lili kumapeto kwa nambala yake,
Mtisunge wachitatu,
poti awiri oyamba anafera m'njira.

Koma netiweki kulibe.
Dalaivala wake ndinamuumba dzana
zipinda zisanasunthe;
wafika pakhomo, wagogoda pa zenera,
kenelo yamuyang'ana, yati sindikudziwa.
Ndinatchera wakuba,
ndakola wapabanja.

Ndaseka ndekha mumdima, motsitsa,
kuopa a Nasimelo.
Achimwene akanati: lemba, usadalire mutu.
Ndalemba kuseri kwa lisiti ya madzi:
ukasuntha zipinda, uza onse ogona m'nyumbamo.
Ndalembanso kuti imadzuka mochedwerapo pang'ono,
masekondi awiri, mwina atatu,
mtengo wa tsache lija.

Kunja kondakitala woyamba wayamba kale,
"Tauni! Tauni! Mmodzi yekha!"
Ndamubweza dalaivala m'chikombole,
aphunzire nyumba yatsopano.
Mita yatsala ndi theka la yuniti.
Fani yayambanso kupuma.
Tiona amene ayambe kutopa.