Kuukitsa Kaundula wa Manda

Disiki inayamba ndi kugogoda,
go, go, go, ngati mlendo wamanyazi,
kenako inangoti zii.
Linali Lachiwiri, faifi koloko itangokwana,
mu ofesi ya manda a paphiri ku Valparaíso,
nkhungu ikukwera kuchokera kudoko.

Munali mayina zikwi makumi anayi mmenemo:
wagona mphako iti ya khoma liti ndani,
walipira zaka zingati ndani,
ndani akudikira malo pambali pa mkazi wake.

Mayi Ximena anaima pakhomo, makiyi ali m'manja.
"Nibaldo, mawa teni koloko kuli maliro awiri."
Ndinati musade nkhawa, kope lilipo,
seva imakopera yokha usiku uliwonse.
Ndinanena mokweza kwambiri,
monga amaimbira mluzu munthu wamantha mumdima.

Ndinaika disiki yatsopano, yonunkhira katoni.
Ndinaitana kope la Lolemba.
Kamzere kobiriwira kanayenda, kanayenda,
pa 61 n'kuima.
Fayilo yathera panjira, anatero makina.
La Lamulungu, chimodzimodzi.
La Loweruka, dzina lilipo, tsiku lilipo,
koma mkati mbee,
chigoba cha nkhono.

Apo m'pamene ndinatsegula logi
imene sindinaisuzumire chiyambire Malichi.
Usiku ndi usiku inkalira mawu omwewo,
malo atha, malo atha, malo atha,
n'kumatumiza uthenga ku adiresi ya Fresia,
yemwe anapuma ntchito chaka chatha
ndipo akuweta njuchi kwa mlongo wake.
Makina sanabise kanthu.
Khutu ndi limene linasamuka.

Ndinabwerera m'mbuyo, tsiku ndi tsiku,
ngati wotsika masitepe a phiri lino magetsi atazima,
phazi likufufuza pomwe pali polimba.
Agalu a m'misewu ankayankhana kumunsi.
Khofi anazizira kawiri.

Kope la pa 9 linali lathunthu, lonenepa bwino,
koma pulogalamu yatsopano inalikana:
chilankhulo chakecho n'chakale, sindichimva.
Ndinakumba m'kabati, pansi pa malisiti,
ndinapeza yakaleyo, n'kuiika pa laputopu yanga,
ndipo cha m'ma fili koloko
akufa anayamba kubwerera,
mzere ndi mzere, mwaulemu, osakankhana,
Abarca, Acevedo, Aguilera,
mpaka Zúñiga womaliza.

Ndinawerenga kawiri. 40,112.
Ndinaseka ndekha, kenako kuseka kunandithera:
kuyambira pa 9 mpaka dzulo, masiku 19,
anthu 23 analowa pachipata chija atanyamulidwa
ndipo kope silikuwadziwa.
Ali m'khoma, maluwa awo sanafote n'komwe,
koma kuno sanafe, sanabwere, sanalipire.

Sikisi koloko a Eleuterio anafika,
womanga mphako, zala zoyera ndi simenti.
Anamva nkhani yonse osaphethira,
n'kutulutsa m'thumba la jekete kabuku
kopindika ngati nthiti, kolembedwa ndi pensulo.
"Ine ndimalemba kuti ndidziwe njerwa zatsala zingati."

Anakhala pa mpando wa Fresia.
Iwo akuwerenga, ine ndikutayipa.
Pa dzina lachisanu ndi chiwiri anandigwira dzanja.
"Ayi, si khoma lachinayi. Lachitatu, pamwamba.
Risiti ikunama, mwana wake anasintha maganizo,
ankafuna mayi ake aziyang'ana kunyanja."
Chimenecho ngakhale disiki yakufayo sinkachidziwa.

Dzina limodzi linafufutika ndi mvula.
Tinakwera tonse awiri, ine ndi tochi ya foni,
kukaliwerenga pa simenti pomwe analikanda ndi msomali.

Itatsala pang'ono teni, pepala loyamba linatuluka lofunda.
Mayi Ximena analitenga osandiyang'ana.
Adiresi ya chenjezo ndaisintha, tsopano ndi yanga.
Kope la lero ndalitsegula kale kawiri
kuti ndione ngati muli anthu.
Kabuku kaja ndinapempha kuti ndikajambule,
a Eleuterio anati bola msanga,
ali ndi mphako ziwiri zoti atsegule.