Thumba la M'magazi

Magetsi abwera cha m'ma naini.
Mu labu ya ku Chirunga ndatsala ndekha ndi mlonda,
ndipo pa kompyuta ndikutembenuza ndi chala
chinthu chimene diso silinaonepo:
enzaimu, ulusi umodzi wa mikanda mazanamazana
wodzipinda wokha, popanda telala.

Pamwamba kamutu, pansi thunthu,
pakati pake kathumba.
M'kathumbamo mumalowa mafuta a selo,
iyo n'kuthyolako fosifeti imodzi yokha,
n'kuimata pa puloteni inzake
monga kalaliki amenyera chidindo pa kalata:
uthenga upite, maselo agawikane.
Pakhomo pa thumba pagona kachingwe kopingasa.
Kakadzuka, ntchito.
Kakagona, zii.

Kwa amalume a Chikhasu sikagona.

Iwo ndi telala wa pa Mpondabwino,
zaka makumi atatu akupalasa makina pakhonde la sitolo,
koma m'mafupa mwawo wina adasoka molakwa,
adalumikiza chigamba cha nsalu ina pamene sichiyenera,
ndiye chidindo chikungomenya, kumenya,
usiku, Lamulungu, pa maliro a eni,
maselo oyera kusefukira ngati Likangala mu Febuluwale.
Kapamba watupa. Lamba aboola kale kawiri.

Aphunzitsi anga, mayi Nankwenya, amati
mankhwala si nkhondo ayi, ndi muyeso:
kanthu kolowa m'thumbamo ndendende,
kulipeza litatseka, n'kuliletsa kutsekuka.
Ndikuyeza tsono mipata ya pakati pa maatomu,
manambala ang'onoang'ono oti kuwatchula pa minibasi
anthu angati mwanayu sukulu yam'zunguza mutu.

Dzulo ku Central, pa benchi ya odikira,
ndinawaonetsa pa foni.
Anayang'ana riboni zija, zofiira, zobiriwira,
napendeketsa mutu monga achitira ndi suti ya kaunjika.
"Wasoka ndani?"
Palibe, malume. Imadzipinda yokha.
"Bodza. Taona mpendero uwu."
Kenaka chala chawo, chokhala ndi zipsera za singano,
chinaima pa kathumba paja.
"Thumba sitisoka mwa maso, Ulanda.
Umayamba wayeza dzanja la mwini wake."

Nesi anaitana dzina lawo, nalilakwitsa.
Anadzuka pang'onopang'ono, tepi ili m'khosi,
poti anaiwala kuivula.

Kunja nkhungu yatsika phiri, yafika pa Matawale.
Mlonda wagogoda pa windo kachiwiri.
Ndikuti dikirani pang'ono, achimwene,
ndatsala ndi ngodya imodzi.