Mapiko Atatu a Mkuwa

Ku Siyaso, kumene zinthu zakufa zimagulidwa pa sikelo,
ndinagwada pa chisaka cha Tawedzerwa
n'kuyamba kusanthula mamota.
Iyi inachoka m'makina obowolera, iyi m'pirinta ya kubanki,
iyi m'chowumitsira tsitsi cha dona wina wa ku Avondale.
"Tengani iyi, sekuru, imalira ngati mavu."
Ndinaigunditsa pa batire. Inaliradi.
Ndinaibweza pamulu.

Za mavu ine ayi.
Sitima yankhondo sithamanga ngati mwana wotumidwa mchere.
Imayenda ngati munthu wodziwa kuti amudikira.
Ndinkafuna mota yaulesi koma yamsana,
yosadandaula ikasenzetsedwa.
Zaka makumi atatu ndinakulunga waya ku Workington,
mota ndimaimva ndi chala, osati ndi khutu.

Vuto linali kupeza ziwiri zofanana.
Mapasa satayidwa dzala limodzi.
Loweruka lachinayi ndi lomwe zinapezeka,
zadzimbiri, zonunkha girisi wakale,
madola atatu, nditanenerera mpaka kukhosi kuuma.

Mapulopela ndinasula ndekha.
Mkuwa wake ndi chimbale chija anandipatsa popuma ntchito,
cholembedwa dzina langa molakwitsa.
Ndinachidula bwinobwino pakati pa dzinalo.
Mapiko atatu uku, atatu uku,
opindidwa ndi pulayala pa mwendo wa tebulo.

Lezina, mdzukulu wanga wa Fomu 3,
anayeza ndi lula, nawerengera kuseri kwa kope la masamu.
"Agogo, akula. Motayo ipsa."
Ndinati mwana iwe,
ndinayamba kugwira mkuwa amako asanamere mano.

Ku Mabvuku mpopi unaiwala ntchito yake kalekale.
Tinatunga zidebe khumi ndi chimodzi kuchitsime
kuti bafa lidzale.
Ndinagwira sitima kumchira, iye anakankha kabatani.
Madzi anawira, anatinyowetsa mpaka m'maondo,
ndinaseka,
kenaka fungo lija linafika,
fungo lomwe ndimalidziwa kuposa la thukuta langa:
vanishi akupsa pa waya.

Lezina sananene kanthu.
Anangondipatsira tupa.

Usiku umenewo magetsi kunalibe.
Pa kandulo ndinapala phiko lililonse,
pang'ono, kuyeza, pang'ono,
fumbi lachikasu likugwera pa nyuzi.
Pulopela yaikulu imaluma madzi ambiri
kuposa omwe mota ingatafune.
Zimenezi ndinkaphunzitsa anyamata kufakitale.
Kaya ndinaziiwalira pati.

China n'chakuti awiriwa asazungulire kumodzi.
Wina kumanja, wina kumanzere,
apo ayi sitima imapendekera
n'kumakhota yokha ngati woledzera wa pa Kamunhu.
Ndinasinthanitsa mawaya a mota imodzi,
wofiira pa wakuda, wakuda pa wofiira.

Lamulungu tinakwera kombi, sitima pamiyendo,
yokulungidwa m'chitenje.
Kondakitala anafuna kuti ilipire mpando.

Damu la Cleveland linali phee.
Bambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi
nafera muno osaonapo nyanja yamchere.
Inenso sindinaione.
Koma nayi sitima yotuwa, yotalika ngati mkono ndi theka,
mizinga yake ya mapaipi a bolopeni,
ikung'amba madzi mosapupuluma,
kamzere koyera kakutsata pambuyo.
Asodzi awiri anasiya mbedza n'kuimirira.

Inabwera kugombe, ndinaika chala pa mota.
Yofunda chabe, ngati mphumi ya mwana wogona.

Ulendo wachiwiri rimoti inali kwa Lezina.
Anaipititsa kutali, kufupi ndi mabango,
kumene ndinamuuza kuti asapiteko,
ndipo ndere zinakola pulopela yakumanzere.
Sitima yankhondo inayamba kuzungulira pamodzimodzi
pamaso pa abakha.

Sindinanene kanthu.
Ndinangomulandira nsapato.

Akuvuula m'matope, madzi m'chiuno, akukuwa kuti akuzizira,
ine ndinali nditatulutsa kale pensulo,
ndikujambula pa chikhatho kachitetezo ka waya
kotchinga mapiko asanu ndi limodzi aja,
ndikuganiza ngati Tawedzerwa angakhale ndi sefa yakale.