Mapazi Asanu ndi Anayi

Ndine mlembi wa khonsolo ya Harlow Mills, ku Michigan,
kumene chisanu chimaluma makutu mpaka mu Epulo.
Ntchito yanga n'kulemba zimene anthu anena
n'kusiya panja zimene amatanthauza.

Tsiku lija, itatha nkhani ya mapaipi ophulika,
inabwera ya Loretta Banaszak,
mwini lesitilanti ya matebulo khumi ndi limodzi.
Anafika anyezi akununkhabe m'zala
kudzapempha zinthu zitatu:
azitseka pakati pa usiku, osati naini koloko;
azigulitsa vinyo ndi mowa kwa amene akudya;
ndipo Lachinayi mlamu wake aziliza akodiyoni
pamodzi ndi mkulu wina wa lipenga.

Lamulo lathu limati mowa utalikire khomo la tchalitchi
ndi mapazi mazana asanu.
Amene analilemba anagona kalekale
kuseri kwa tchalitchi chomwecho.
Woyeza anapita ndi tepi yake,
anagwada m'chipale chofewa, khomo mpaka khomo,
nabwerako mawondo ali chonyowa:
kwaperewera mapazi asanu ndi anayi.

Kenako anaimirira Vernon Haugland.
Amayendetsa basi ya ana asukulu, amadzuka folo koloko,
zenera lake lapenyana ndi khitchini ya Loretta.
Pepala linkanjenjemera m'manja mwake.
Sindidana ndi nyimbo, anatero,
malemu mkazi wanga tinakumana kudansi.
Koma m'mawa ndimanyamula ana a eni makumi anayi,
ndipo msewu wa kumlatho umaterera.
Ndinalemba: Bambo Haugland anatsutsa.
Fomu yathu ilibe mzere wa dansi.

Makhansala asanu anatafuna nkhaniyo ola lathunthu.
Kodi munthu akagwedeza phazi pansi pa tebulo wavina?
Pakuti kuvina kuli ndi chiphaso chakechake.
Wina anafunsa ngati lipenga lingalire motsitsa.
Mwini lipenga, chipewa pabondo, kumpando wakumbuyo,
anayang'ana kudenga.

Anagamula motere:
oimba asapitirire awiri, zokuzira mawu ayi,
mazenera otseka, nyimbo ithe teni koloko,
nyale zizime leveni.
Mowa wokha, pepani. Tepi siinama.

Loretta sanalire, sanakalipe.
Anangofunsa kuti, mumayeza kuchokera pati?
Pakhomo.
Khomo liti?
Lolowera anthu.
Anathokoza, navala magolovesi chala chimodzichimodzi.

Mu Meyi, nthaka itafewa, kunamveka nyundo.
Khomo lakale linatsekedwa ndi njerwa,
lina linabooledwa kumbali, moyang'ana migolo ya zinyalala.
Woyeza anagwadanso.
Mapazi mazana asanu ndi atatu.
Tchalitchi sichinasunthe, khitchini ili pomwe inali,
botolo lidzakhala pa shelefu yomweyo,
koma chidindo ndinamenya ndine, phaa!
ndipo abusa anatumiza maluwa
poti nawonso amakonda supu ya pamenepo.

Lachinayi lapitali ndinapitako.
Njerwa zatsopano n'zofiira kuposa zinzake,
ngati chipsera chosachedwa kupola.
Alendo amaimabe pamenepo kufuna chogwirira,
kenako amazungulira, akuseka, kudutsa migolo ija.

Itatsala pang'ono teni analowa Vernon.
Sanavule jekete. Anaitanitsa tiyi,
navula wotchi, naiika patebulo pafupi ndi shuga.
Akodiyoni inkapuma ngati chifuwa cha munthu wokwera phiri,
lipenga likuitsata pambuyo, motsitsa ndithu,
mwina kuyankha khansala uja.
Muvi utafika, palibe anakweza chala.
Mkulu uja anatsitsa yekha lipenga
nyimbo ili pakati, isanafike kwawo.

Tinakhala duu, mafoloko okha akugunda mbale.

Vernon analipira, natuluka pakhomo latsopanolo.
Ndinamutsatira chapatali, poti galimoto yanga inali komweko.
Podutsa kanjira kopita kwake
ndinamumva akuimaliza ndi mluzu, pang'onopang'ono,
akufufuza makiyi m'thumba.

Inali teni koloko kupitirira ndi mphindi zinayi.
Sindinalembe.