Ndege ya Malemu Orest

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
buku langa la maulendo linagona m'kabati,
pansi pa malisiti a feteleza ndi makalata a kubanki.
Mzere womaliza ndinaulemba ndi inki yabuluu:
Yorkton, mphindi makumi anayi, mphepo ya kumpoto.
Sabata yomweyo dokotala anamvetsera pachifuwa panga
n'kupukusa mutu.
Kenako ana, ngongole ya thirakitala,
tirigu wopserera ndi chisanu cha mu Ogasiti.
Kumwamba ndinkayang'anako pofuna mvula basi.

Chipale chofewa chitangosungunuka
Lesya Hrynko anandiimbira foni.
"Galaja ndikuifuna," anatero, "galimoto ikugona panja.
Orest anapita, chinthu chake chatsala."

Ndinaipeza itafunda malona,
mapiko ataguluka, atatsamira khoma.
Bamboyo anaimanga yekha zaka zisanu ndi ziwiri:
nthiti za matabwa opyapyala,
nsalu yokungidwa ndi ayironi ya mkazi wake,
injini ya Volkswagen yakale,
guluu ataumira pabenchi ngati utomoni.
Anauluka nayo maola makumi atatu okha.
Mkati mwa phiko lamanzere, momwe diso silifika,
tochi yanga inagwa pa mawu a pensulo:
"Apa ndinalakwitsa, ndakonzanso. O.H."
Ndinawerenga kawiri.
Munthu wovomera cholakwa mumdima chonchi
ndingamukhulupirire msana wanga.

Ndinalipira ndi ndalama ya denga la khola.
Darlene sanandiyankhule masiku atatu.
Lachinayi anandiikira patebulo magalasi atsopano.

Dokotala wina, wa kachubu ali mumtsempha wangayu,
anasayina pepala osandiyang'ana n'komwe.

Mphunzitsi wanga Tannis
amachepa kwa mwana wanga womaliza.
"Mapazi, bambo Demkiw, mapazi!"
Manja ankakumbuka, mapazi anali ataiwala.
Mchira unkathawira kumanja ine ndikufuna kumanzere,
tinkanjanja paudzu ngati mpira wa ana,
a m'shedi atagwira makapu a khofi, akuonerera, kukamwa kuli mwee.
Usiku ndinkaponda mapedulo m'tulo
mpaka Darlene kundigunda ndi chigongono.

Tsiku lina mu Julayi, mame asanaume,
Tannis anavula chipewa cha wailesi.
"Ndege iyi ndi ya munthu mmodzi. Pitani."

Pulopela ndinaipukusa ndi dzanja.
Inatsokomola, inakana, inavomera.
Udzu unathamanga pansi panga,
mchira unadzuka, mawilo anagunda kamodzi,
kenako zii.
Dziko linandisiya.

Ndinali nditaiwala kuti minda yathu ndi ya makona anayi,
kuti kanola akachita maluwa amathobwa m'maso,
kuti zithaphwi zimang'anima ngati makobiri otayika.
Njanji ya ku Melville inawongoka ngati ulusi.
Munda umene wandidya mawondo zaka zonsezi
ndinauphimba ndi chala chimodzi.
Nsalu ya phiko inkanjenjemera pang'ono
pamalo pomwe Orest anakonzanso paja,
ine n'kumayang'anapo, n'kumayang'anapo,
pomwepo panagwira nji.

Ndinakhotera kwa Lesya.
Galaja inali yotseka, galimoto m'kati.
Iye anali pachingwe, akuyanika nsalu za pabedi.
Ndinapendeketsa mapiko kawiri.
Sanakweze dzanja.
Anangoima, chopanira zovala chili pakamwa,
kumvetsera injini imene ankaimva kuseri kwa khoma la khitchini,
mpaka ndinakhala kadontho.

Potera ndinanjanja kamodzi kokha.

Madzulo ndinatsegula buku lija.
Inki yakale yatuwa, dzanja langa lasintha,
zilembo zikupendama ngati mpanda wokalamba.
Pansi pa mzere wa zaka zija ndinalemba:
Yorkton, mphindi makumi atatu ndi zisanu, mphepo palibe.
Pa danga la okwera nawo ndinaika cholembera,
ndinazengereza,
ndinalemba zilembo ziwiri za pensulo zija.
Darlene akuti denga la khola likudonthabe.