Nsapato za Zelipa

Bandulo yatsala ya tsiku limodzi.
Ndaimika ana pakhonde la bungwe lathu ku Navutika,
foni m'manja.
Zelipa wabisa nkhope:
"Anzanga kusukulu adzandiona."

Ndinajambula nsapato zake zokha,
zoyasama ngati mlamba,
chala chachikulu chikusuzumira kunja.

Pa Fesibuku mitima yofiira inagwa ngati matalala,
mazana atatu,
ndi "Mulungu akudalitseni" wosawerengeka.
Koma mtima suvalidwa kuphazi.

Lachinayi kunabwera wopalasa njinga wa ku Kapata,
thukuta lili kamukamu.
Foni yake ndi ya mabatani;
anangoonera pa ya munthu amene anamunyamula.
M'pulasitiki, nsapato zakuda
zimene zinamuthina mwana wake.

Ndinakweza foni.
Anapukusa mutu, phazi lili kale pa pedulo:
"Inenso musandijambule."